Phukusi la Moyo wa Mkulu

Chinkhwechi chinafika pakhomo panga ndi katundu wake ngati mlendo wodzakhalitsa: khola lachitsulo londifika m'chifuwa, kansalu kofunditsa usiku, ndi chidebe cha malita 20 chodzaza mpendadzuwa wosakaniza ndi mtedza wosasenda. Mwini wake anali gogo wina wachizungu amene ndinawagwirira ntchito zaka 11 kuno ku Johannesburg, poyamba m'maluwa, kenaka m'nyumba momwe miyendo yawo itayamba kukana. Atagwa kubafa kachiwiri, ana awo amene amakhala kutsidya kwa nyanja anagwirizana zowapititsa kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo kumeneko salola ziweto. Gogo anandiyitanira kuchipinda, anandigwira dzanja, n'kundikumbutsa kuti kupatula iwo, ndine ndekha amene mbalameyo sinandilumepo. Sindinayankhe msanga. Kwathu ku Balaka mbalame sitigona nayo m'nyumba. Timaipirikitsa m'munda wa mapira, timaitchera ulimbo, timaigenda ndi legeni. Koma munthu amene wakudyetsa zaka zonsezo akakupempha chinthu ali chigonere, ungakane bwanji?

Ndi chinkhwe chotuwa ngati phulusa, cha mchira wofiira, mtundu umene kwawo ndi kunkhalango zowirira za ku Congo, Cameroon ndi Gabon. Pamwendo pake pali kamphete kolembedwa 1998, chaka chimene chinatuluka m'dzira kwa oweta. Mwana wathu woyamba anabadwa mu 2001. Mkazi wanga atawerengera zakazo anati, "Abambo, awatu ndi akulu pakhomo pano." Dzina la Mkulu linamata pomwepo.

Masabata awiri oyamba Mkulu sanalankhule masana. Ankangokhala khuma pakona ya khola, nthenga zitaima, akutiyang'ana ndi diso limodzi. Usiku tikazimitsa nyali m'pamene pansi pa kansalu paja pankatuluka mawu a gogo enieni, kuyitana galu amene anafa kalekale, kenaka kachifuwa kawo kaja, katatu, monga ankatsokomolera m'mawa uliwonse. Usiku woyamba mkazi wanga anadzambatuka n'kuyamba kupemphera. Chimene sichinasinthe ndi kadyedwe kokha. Ankatola njere ya mpendadzuwa, kuitembenuza ndi lilime lake lakuda, kuiswa, kulavula khoko, n'kutola ina, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikaona makoko ali mbwee pansi pa khola mtima unkakhala m'malo. Ndinkati bola akudya.

M'mwezi wachiwiri, Loweruka lina m'mawa, tinangomva kuti khu! Mkulu anali pansi, mapiko atatambasuka, akuphupha ngati munthu wa khunyu. Ndinamukulunga m'thaulo n'kukwera naye takisi mpaka kwa dokotala wa mbalame, ndipo ndalama imene ndinasiya kumeneko ndi imene inayenera kupita kumudzi mwezi umenewo. Dokotalayo, mayi wodekha, atayeza magazi anandifunsa kuti mbalameyi imadya chiyani. Ndinayankha monyadira kuti sisowa kanthu, chidebe chilipo chodzaza. Anandikokera mpando.

Anandifotokozera kuti njere ya mpendadzuwa, chimodzimodzi mtedza, pafupifupi theka lake ndi mafuta. Kashiamu ndi wochepa, ndipo vitamini A ndiye ngati mulibiretu. Zinkhwe zotuwazi, kuposa mitundu ina, kashiamu akatsika m'magazi zimagwa n'kumaphupha monga ndinaonera. Vitamini A akasowa, m'kamwa ndi m'mphuno mumakhakhala ndipo matenda a m'njira ya mpweya amalowa mosavuta. Mafuta amaunjikana pachiwindi. Mtedza wosasenda umabisa chuku, chomwe chija alangizi kwathu amatichenjeza nacho poyanika mtedza. Ngakhale dzuwa limene Mkulu ankawothera pawindo la gogo silinkamuthandiza mafupa, chifukwa galasi limatchinga kuwala kumene thupi limapangira vitamini D. Anandipatsa mankhwala, anandilembera zakudya, anandiletsa peyala, chokoleti, khofi, zamchere ndi nyemba zosaphika. Peyala ndiye analibwereza kawiri, kuti ngakhale kachidutswa kakhoza kupha. Pomaliza anandiyang'ana m'maso nati: "Koma musamusinthe ndi njala. Chinkhwe chimatha kufa mbale yodzaza ili pamphuno pake, chifukwa chinthu chimene sichichidziwa sichichiyesa chakudya. Gulani sikelo ya kukhitchini, muzimuyeza m'mawa uliwonse asanadye." Tsiku limenelo analemera magalamu 470.

Ndinayamba ndi changu cha munthu wongotembenuka mtima kumene. Karoti, dzungu, mbatata yofiira m'kati, papaya, nkhwani ndi bonongwe za kadimba kanga ka kuseri kwa nyumba, zonse ndinkaduladula bwinobwino n'kuika m'mbale yatsopano. Mkulu ankapendeka mutu, kuyang'ana mbaleyo, n'kusunthira kutali ngati ndamuikira njoka. Atayamba kuizolowera, ankatola chidutswa chimodzichimodzi n'kumaponya pansi mpaka mbale yonse kuyera. Masabata atatu anatha choncho.

Lamulungu lina titaweruka kumapemphero a ife ochokera kumudzi, ndinadandaulira mkulu wa mpingo wina, bambo amene ndimawalemekeza mpaka lero. Anati, "Achimwene, mwayamba kulamulidwa ndi mbalame? Ulamuliro Mulungu anapereka kwa munthu. Chotsani njerezo, njala ikamuluma adya yekha." Mawu a dokotala ndinali nawo m'mutu, komabe a bambowa anandikomera m'khutu, chifukwa ndinali nditatopa, komanso chifukwa ndinkadziwa kuti chimene ndikufunira mbalameyi n'chabwino. Lolemba ndinachotsa mbale ya mpendadzuwa. Mkulu sanakuwe, sanagwedeze khola, ndipo sanakhudze kanthu tsiku lonse. Lachiwiri m'mawa zitosi zinali zochepa ndi zakuda, sikelo inaonetsa 452. Ndinabweza mbale ija manja akunjenjemera. Sanaithamangire. Anayamba wandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa sabata yathunthu anakana kukwera padzanja langa.

Akuluakulu amati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mwambi umenewu ndinakula nawo, ndipo ndi umene unandikweza basi ya ku Joni. Usiku wa Lachiwiri lija ndinagona ndikuganiza kuti pali zamoyo zimene zinalandidwa phukusi lawo. Chinkhwe cha m'nkhalango chimasunga chokha. Chimauluka mtunda wautali ndi gulu lake, chimadya zipatso zofiira za kanjedza wopangira mafuta, zimene mnofu wake uli ndi zopangira vitamini A yemweyo, chimatera pabwalo la m'nkhalango kukajompha dothi, ndipo chimaphunzira chodya ndi chosadya poona zinzake. Mkulu nkhalango sanaionepo. Chilichonse chimene chalowa m'kamwa mwake chibadwire chinadzera m'dzanja la munthu. Phukusi lake lili kwa ine, ndipo si iye amene anandisungitsa. Nanga wosunga phukusi la mnzake azimvera chiyani, chimene mwini wake akufuna kapena chimene chingamusunge ndi moyo? Ndikatsata kufuna kwake ndimupha pang'onopang'ono iye akukondwa. Ndikamukakamiza ndimupha msanga ine ndikudziyesa wolungama.

Bambo aja sananame, za ulamuliro zilimodi m'chaputala choyamba cha Genesis. Koma chaputala chachiwiri chimaonetsa kuti ntchito imene munthu anapatsidwa m'munda muja inali ya mlimi ndi mlonda, ndipo ine amene ndakalambira m'maluwa a anthu ndikudziwa kuti mbewu silamulidwa. Umaphunzira dothi limene imafuna, nthawi imene imamwa madzi, mbali imene dzuwa limaiwotcha, ndipo mphamvu yako yonse imathera pa kudziwa zimenezo. Ulamuliro wopanda ulonda tinauona zipatso zake. Anthu anatapa zinkhwe zotuwazi m'nkhalango mpaka ku Ghana zinatsala pang'ono kutheratu, ndipo mu 2016, pamsonkhano wa CITES umene unachitikira mumzinda uno wa Johannesburg, mayiko anachita kugwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire.

Nkhani imene inandigwira kwambiri masiku amenewo ndi ya m'buku la Numeri, chaputala 11. Kuyambira ku Sande sukulu ndinkawaweruza Aisraeli aja. Anthu otani, ndinkatero, otulutsidwa mu ukapolo n'kumalirira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito, chakudya chakumwamba chili pakhomo? Koma dzina lakuti mana limachokera ku funso limene anafunsana atachiona koyamba chinthucho, kufuna kudziwa kuti n'chiyani. Ndi funso lomwelo limene ndinkaliona m'diso la Mkulu akapendeka mutu pambale ya karoti. Ndikukhulupirira tsopano kuti anthu aja sankalirira zikwapu. Ankalirira chimene lilime lawo linkadziwa, ali kudziko kumene kunalibe china chilichonse chodziwika. Mkulu anataya nyumba imene anakhalamo zaka 25, windo lake, fungo la tiyi wa m'mawa, ndi munthu mmodzi yekha amene ankamukanda pamutu. Chimene chinawoloka naye msewu osasintha chinali kukoma kwa njere ija. Ine Lolemba lija ndinamulanda chomwecho, m'dzina lomufunira zabwino.

Sindikuchepetsa kuopsa kwa chilakolako. Nkhani ya mu Numeri imathera kumanda, pakuti amene anaumirira nyama anaidya n'kufa nayo, ndipo inenso ndinaona mapiko aja atatambasuka pansi pa khola. Koma pali china chimene ndinkachilumpha powerenga. Mana aja sanasiye kugwa anthu atadandaula. Anapitiriza m'mawa ndi m'mawa, kupatula la Sabata, kwa zaka 40, pakhomo pa oyamika ndi osayamika omwe.

Nafenso tili ndi mpendadzuwa wathu. Chimanga timakonola, timachotsa gaga ndi kamtima kake kumene kuli zambiri zomanga thupi, timachiviika, gagayo n'kupatsa nkhumba ndi nkhuku, ife n'kutsala ndi ufa woyera. Ndani sadziwa kuti mgaiwa ndiwo wopatsa thanzi? Koma mgaiwa umatikumbutsa sukulu yogonera komweko ndi njala ya 2002, ndipo kumuikira mlendo timachita nawo manyazi. Amayi anga anawauza kuchipatala kuti ndi matenda awo a shuga azidya mgaiwa. Amati akaudya amagona ngati sanadye. Ndinawakalipirapo pafoni kangapo. Chiyambire nkhani ya Mkulu sindinawakalipirenso. Ndinapempha mlongo wanga kuti banja lonse lizidya nsima imodzi ndi iwo, ufa wosakaniza theka ndi theka.

Nzeru imeneyo si yanga. Anaipeza ndi mkazi wanga, amene sanawerenge buku lililonse la mbalame. Tsiku lina akundiona ndikusesa makaroti pansi anati, "Abambo, inu mungadye chakudya chimene akuikirani nokha pakona, eni nyumba akudya zina uko? Kwathu wopereka thobwa amayamba walawa yekha mlendo akuona." Tinakokera khola pafupi ndi tebulo. M'mawa, nthawi imene mbalame imakhala ndi njala kwambiri, tinkaphika dzungu lopanda mchere n'kumadya pamaso pake, tikuyamikira kukoma kwake mokweza, iye osamupatsa. Mbale yake ya njere tinkaibweza pakatha ola limodzi, osalephera. Masiku asanu ndi atatu anangotiyang'ana. Tsiku lachisanu ndi chinayi anatsika ndi mawaya a khola mpaka kufika pafupi ndi mkazi wanga, anatola kachidutswa kofunda pazala zake, n'kukaponya pansi. M'mawa mwake anatolanso, koma ulendo uno anakagwira ndi phazi lamanzere, anakatembenuza, anakalawa ndi nsonga ya lilime. Patapita kanthawi mlomo wakuda uja unali utapaka chikasu. Palibe amene analankhula patebulopo. Mkazi wanga anangondiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisasunthe.

Kuchokera pamenepo zinayenda, ngakhale mwa kamba. Ndinkakanya njere zochepa m'dzungu lophwanyaphwanya kuti pofuna njere alawe ndi dzungulo. Ndinaphunzira kumeretsa mphodza ndi mpendadzuwa womwewo monga timeretsera chimera, kutsuka kawiri patsiku kuopa chuku, ndipo njere yomera anailandira msanga chifukwa maonekedwe ake ankawadziwa. Nkhwani woduladula ankaukana, koma tsamba lathunthu lonyowa nditalipachika pamwamba pa khola analing'ambang'amba, ndipo pong'ambapo zina zinkalowa m'mimba. Chimanga chachiwisi amachigwira yekha ngati mwana. Tsabola wa kambuzi, amene ine amanditulutsa misozi, iye amatafuna ndi njere zomwe, pakuti mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola. Timibulu ta chakudya cha zinkhwe timene dokotala anandiuza kuti ndigule anatilandira nditayamba kutifewetsa ndi madzi ofunda. Mango ndi papaya ndimamupatsa pang'ono chifukwa cha shuga. Zakudya zaziwisi ndimachotsa pakatha maola ochepa, makamaka m'miyezi yotentha, zisanayambe kusasa. Kukacha bwino ndimatulutsa khola panja, mbali imodzi padzuwa ina pamthunzi. Njere ndinkachepetsa supuni imodzi pakapita masabata, maso ali pasikelo ndi pazitosi. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri. Lero amalemera magalamu 445, sanagwenso, ndipo nthenga zatsopano za kumchira zinatuluka zofiira ngati makala a moto. Bonongwe mpaka pano amakana, ndipo ndinamuleka.

Pali chinthu chimene ndinadzipeza nacho m'miyezi imeneyo chimene sichinandisangalatse. Sabata ija Mkulu ankakana dzanja langa, ndinkadziwa njira yachidule yomubwezera: kudzaza chikhatho ndi mpendadzuwa. Kawiri ndinachitadi zimenezo mkazi wanga atapita kuntchito. Chidebe chija sichinkadyetsa mbalame yokha. Chinkadyetsanso wopereka, amene amafuna kuti akalowa m'nyumba wina amuthamangire. Kupatsa munthu kapena nyama chimene ikufuna kumabweza malipiro pompopompo, pamene kuipatsa chimene chingaisunge kumakubwezera msana masabata ambiri usanaone kanthu.

Apa m'pamene nkhani ya gogo inandivuta. Kwa kanthawi ndinawakwiyira mumtima. Zaka 25 akudyetsa mbalame mafuta okhaokha, m'mawa n'kumaigawira buledi wopaka majarini ndi tiyi wa pasupuni, kodi chimenecho ndi chikondi? Ndalingalira nthawi yaitali, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, chinali chikondi chenicheni. Ndinawaona ndi maso anga akukana maulendo kuopa kuisiya yokha, akuyankhula nayo madzulo onse amuna awo atamwalira. Ankagula thumba limene kusitolo linali ndi chithunzi cha chinkhwe, monga ankachitira anthu ambiri a nthawi yawo. Kuvulala kwa Mkulu nakonso kunali kwenikweni, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake. Chikondi chimayenda ndi nzeru imene chili nayo, ndipo chimayesedwa tsiku limene chauzidwa zoona. Gogo sanauzidwepo. Ine ndinauzidwa momveka bwino, ndi munthu wondiyang'ana m'maso, ndipo Lolemba lija ndinachita chomwe anandiletsacho. Pa awirife, wa mlandu waukulu ndine. Komanso nzeru imene ndili nayo lero ndi yobwereka. Zinkhwezi zimatha kukhala zaka 50 kapena kupitirira, ndipo n'kutheka kuti Mkulu adzasungidwa ndi wina ine nditabwerera ku Balaka kapena nditatsikira kuli chete. Ameneyo adzapeza zimene inenso ndinalakwitsa ndikuyesa ndikuchita bwino. Ndikupempha kuti adzandiweruze monga ndaphunzirira kuweruza gogo.

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amathamangira kunena kuti ndi mmenenso Mulungu amachitira nafe, amatichotsera zotsekemera kuti atipatse zopatsa moyo. Ine pamenepo ndimayenda mosamala. Si chowawa chilichonse chimene chili chakudya chabwino chobisika; maliro ena ndi maliro basi, ndipo kuuza mayi woferedwa kuti akumusintha kadyedwe ndi nkhanza yofanana ndi ya Lolemba langa lija. Chimene chinandikhudza ine ndi china. M'chaputala chomaliza cha Luka, ophunzira ali ndi mantha poyesa kuti akuona mzukwa, Yesu sanangowauza ndi pakamwa kuti akhulupirire. Anapempha chakudya, anapatsidwa chidutswa cha nsomba yootcha, n'kudya iwo akuona. Ndimeyo ndinaiwerenga kambirimbiri ndili mnyamata osaona kanthu. Ndinadzaimva nditakhala patebulo masiku asanu ndi anayi ndikutafuna dzungu lopanda mchere pamaso pa cholengedwa chamantha.

Mwezi watha ndinapita kukawaona gogo. Mkazi wanga anandifunsa pakhomo ngati ndikawauze zimene dokotala anapeza, ndipo ndinati ndikaona komweko. Ndinawapeza pampando wa matayala pafupi ndi windo, atawonda kwambiri. Funso lawo loyamba linali la mbalame. Ndinawaonetsa kanema wa pafoni, Mkulu atagwira chimanga ndi phazi, mlomo uli mbuu ndi dzungu. Anaseka mpaka kutsokomola, nati kwa iwo sakanalola ngakhale kununkhiza. Kenaka anapisa dzanja m'kabati ya pambali pa bedi n'kutulutsa kapaketi ka mpendadzuwa, kamene anachita kutuma mmodzi wa owasamalira kuti akawagulire. Anati ndikamupatse, ndipo ndikamuuze kuti zachokera kwa iwo. Ndinalandira ndi manja awiri. Za chiwindi ndi kashiamu sindinatchule.

Kapaketiko kali pamwamba pa kabati yathu. Madzulo aliwonse, ndisanafunditse khola, ndimawerenga njere zisanu n'kumupatsa imodziimodzi padzanja, ndikumuuza kumene zachokera. Amaswa iliyonse mosafulumira. Ndikazimitsa nyali, pansi pa kansalu pamamveka kachifuwa kaja katatu, ndipo masiku ano pamatsatira mawu a mkazi wanga, ndi kamvekedwe kake komwe: "Tiyeni, abambo, chapsa."